Mankhwala owongolera tsitsi ndi mayi woyembekezera

Mankhwala owongolera tsitsi amene amapakidwa m'masaluni ndi m'makomo alipo a mitundu itatu ikuluikulu. Wofala kwambiri ndi kirimu woyera uja amene ambiri amangomutchula kuti rilaksa. Mtundu wachiwiri ndi wa mankhwala amadzimadzi amene amamatizidwa ku tsitsi ndi chitsulo chotentha, odziwika ndi dzina lakuti keratin kapena Brazilian. Wachitatu ndi wa mankhwala atsopano ofananako ndi achiwiriwa, amene pabotolo pake pamalembedwa kuti mulibe formaldehyde. Onse amasiya tsitsi lili myaa, koma amagwira ntchito mosiyana, amalowa m'thupi podzera njira zosiyana, ndipo kuopsa kwawo kwa mayi woyembekezera n'kotalikirana kwambiri. Funso lakuti wapakati angawongole tsitsi kapena ayi siliyankhika munthu asanadziwe chimene chili m'botolomo.

Tsitsi limapangidwa ndi puloteni yolimba yotchedwa keratin, yomwenso imapanga zikhadabo. Timaulusi ta puloteniyi timagwirana ndi timfundo ta mitundu ingapo. Tina n'tofooka, timamasuka ndi madzi kapena kutentha, n'chifukwa chake tsitsi lowongoledwa ndi chipeso chamoto limabwerera mwakale mvula ikangolinyowetsa. Tina n'tolimba, topangidwa ndi sulufule, ndipo n'timene timasunga kupotana kwa tsitsi. Rilaksa amadula timfundo tolimbati, moti tsitsi lomwe lapakidwa silidzapotananso. Lopotana limatulukira kunsi pamene latsopano likumera, pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo ndilo limabwezera mayi kusaluni kukapanga ritachi pakatha milungu 6 kapena 8. Pa miyezi 9 ya pathupi, mayi wozolowera kuwongola tsitsi akhoza kupakidwa mankhwalawa kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi.

Njirayi inachokera ku America. Garrett Morgan wa mumzinda wa Cleveland ankayesa madzi oti singano ya makina osokera isamawaule nsalu, n'kuzindikira kuti madziwo akuwongola ubweya, ndipo mu 1913 anatsegula kampani yogulitsa kirimu wa tsitsi. Chimene chimagwira ntchito mu rilaksa mpaka lero ndi mankhwala a m'gulu la soda. Wodziwika kwambiri ndi sodium hydroxide, kositiki soda yemwe uja amapangira sopo ndi kutsegulira mapaipi otsekeka. M'mabokosi olembedwa kuti no-lye mumakhala calcium hydroxide amene amasakanizidwa ndi guanidine carbonate nthawi yopaka ikakwana, kapena lithium hydroxide. Onsewa ndi abale ake a chidulo: mmene chidulo chimafewetsera ndiwo zamasamba mumphika ndi mmenenso iwo amafewetsera tsitsi, koma ukali wawo ndi woposa kutalitali.

Ukaliwo umayezedwa pa muyeso wa pH, woyambira pa 0 kulekeza pa 14. Madzi abwino ali pa 7, khungu la m'mutu lili cha pa 5.5, ndipo nambala ikakwera ndi imodzi ndiye kuti mphamvu yawirikiza ka 10. Mu 2019 akatswiri a matenda a khungu a pa yunivesite ya Cape Town anafalitsa zimene anapeza atayeza mitundu 121 ya rilaksa yogulidwa m'masitolo a mumzindawo. Yonse inapitirira 11.5, malire amene mankhwala amayamba kuwerengedwa kuti amadya khungu. Ya no-lye inali m'gulu lomwelo, ngakhalenso ija yopangidwira ana. Zimenezi zikukhudza Malawi ndi Zambia mwachindunji, popeza mankhwala ambiri a tsitsi a m'masitolo a m'maikowa amachokera ku South Africa.

Kuti chinthu chivulaze mwana m'mimba chiyenera kulowa kaye m'magazi a mayi, ndipo chilowe chochuluka ndithu. Pamenepa soda saopsa monga mmene kuwawa kwake kumaonetsera. Mphamvu yake imathera pamalo pomwe wakhudza. Amafooketsa tsitsi, amawotcha khungu, akagwera m'diso akhoza kuliwononga kotheratu, koma sayenda m'mitsempha ali waukali choncho mpaka kukafika m'chiberekero. Khungu lopanda bala limalowetsa zochepa kwambiri pa mphindi 15 kapena 20 zimene kirimu amakhala m'mutu. Nkhani imasintha khungulo likapsa. Amayi ambiri anazolowera kupirira kuyabwa ndi kutentha kuti tsitsi "lipse bwino", mawa lake n'kudzuka nkhanambo zitamatirira ku tsitsi. Pabala lotere pamalowa mosavuta zosakanizira zina za m'kirimumo: zonunkhiritsa, zofewetsera, ndi zoteteza kuti mankhwala asawonongeke msanga.

Zina mwa zosakanizirazi, monga ma phthalate ndi ma paraben, zimasokoneza mahomoni, amene thupi limatumizira mauthenga ku ziwalo zake. Ma phthalate amatha kudutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana, ndipo apezekapo m'madzi amene mwana amakhalamo m'chiberekero. Pa makoswe oyeserera, mlingo waukulu wa ena mwa iwo umasokoneza kakulidwe ka ziwalo zoberekera za ana aamuna. Mu 2018 bungwe la Silent Spring Institute la ku America linayeza mitundu 18 ya mafuta ndi mankhwala a tsitsi ogulitsidwa kwa amayi achikuda, rilaksa ali momwemo, n'kupezamo mankhwala 45 osokoneza mahomoni. Mwa mankhwala onse amene anapezeka, 84 pa 100 alionse sanalembedwe pabotolo, ndipo ichi n'chodetsa nkhawa kuposa zonse, chifukwa chimamulanda wogula mwayi wosankha akudziwa. Komabe ma phthalate amapezekanso m'mapulasitiki, mu perefyumu, m'mafuta odzola ndi m'zakudya za m'mapaketi, kotero rilaksa ndi gwero limodzi pakati pa ambiri.

Kafukufuku woona mwachindunji za rilaksa ndi pathupi ndi wochepa, ndipo chifukwa chake n'chomveka: palibe dokotala angaloledwe kupaka amayi apakati mankhwala mwadala kuti aone chimene chiwachitikire ana awo. Ofufuza amangofunsa amayi zimene anachita, kenako n'kuyerekezera mmene anachirira. Kafukufuku woyamba wodziwika bwino anafalitsidwa mu 1999. Anachitikira ku North Carolina pakati pa amayi achikuda 525, ena obereka masiku asanakwane, ena obereka ana ochepa sikelo, ena obereka bwinobwino. Amene anawongola tsitsi atatsala pang'ono kuima kapena ali kale ndi pakati sanapezeke kuti anakumana ndi mavutowa kuposa anzawo. Mu 2005 kafukufuku wamkulu wa yunivesite ya Boston, wotchedwa Black Women's Health Study, anaunika za ana oposa 6,000. Kubadwa masiku asanakwane sikunachuluke pakati pa amayi ogwiritsa ntchito rilaksa, ngakhale aja opaka pafupipafupi.

Zosiyana ndi izi zinachokera ku Brazil mu 2013. Kumeneko ofufuza anayerekezera ana osakwana zaka 2 odwala khansa ya m'magazi ndi ana ena osadwala matendawa, n'kupeza kuti amayi a odwalawo ankatchula kawirikawiri kuti anadaya kapena kuwongola tsitsi m'miyezi 3 yoyambirira ya pathupi. Kafukufukuyu ayenera kuwerengedwa mosamala. Anaphatikiza utoto wa tsitsi ndi mankhwala owongolera ngati chinthu chimodzi, anachitika m'dziko limene formaldehyde ankagwiritsidwa ntchito kwambiri m'masaluni, ndipo mayi amene mwana wake wadwala mwakayakaya amakumbukira kanthu kalikonse kamene anachita kuposa mayi wa mwana wathanzi. Khansa ya makanda nayonso ndi yosowa kwambiri. Zonse zikaikidwa pamodzi, umboni umene ulipo suonetsa kuti rilaksa wamba amachititsa kupita padera, kubereka masiku asanakwane kapena kulumala kwa mwana. Koma umboniwo ndi wa maiko ochepa ndi wa mankhwala a zaka za m'mbuyo, ndipo sunatsate ana mpaka kukula. Ndi wokwanira kukhazika mtima pansi wa mayi amene wapaka kale, koma wosakwanira kupatsa kampani iliyonse ufulu wolengeza kuti mankhwala ake alibe vuto kwa wapakati.

Mayi amene anapanga ritachi asanadziwe kuti waima alibe chifukwa chodziimbira mlandu kapena kugona tulo ta nkhawa. Ngakhale popanda mankhwala alionse, pafupifupi ana 3 pa 100 alionse amabadwa ndi chilema china, ndipo pathupi 10 mpaka 20 pa 100 paliponse podziwika pamapita padera, kawirikawiri chifukwa cha zolakwika za mmene mwana anayambira kuumbika. Lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa maiko onse pa kubadwa kwa ana masiku asanakwane, pafupifupi 18 pa 100 alionse. Zimene zimadziwika kuti zimawonjezera vutoli ndi malungo, kuchepa kwa magazi, matenda a m'njira ya mkodzo ndi opatsirana pogonana, kuthamanga kwa magazi, komanso kutenga pakati msungwana akadali wamng'ono. Mayi amene wasiya rilaksa koma sagona m'neti ndipo wachedwa kuyamba sikelo wateteza mbali yolakwika.

Anamwino ndi madokotala ambiri amalangiza kudikira kuti milungu 12 yoyambirira idutse. Malangizowa achokera pa mmene mwana amakulira. Msana ndi ubongo zimayamba kuumbika m'mwezi woyamba, mtima umayamba kugunda nthawi yomweyo, ndipo pofika kumapeto kwa mwezi wachitatu ziwalo zikuluzikulu zonse zimakhala zitaumbika, chotsala n'kukula ndi kukhwima. Ngati chilipo chinthu chimene chingasokoneze kaumbidweko, nthawi yake ndi imeneyi. Ndi nthawinso imene mseru umakula ndipo fungo lililonse limadutsa pamtima, moti ambiri amangosiya okha kupita kusaluni.

Mankhwala a keratin ndi nkhani ina, ndipo pa iwo yankho ndi lachindunji: mayi woyembekezera awapewe. Dzina lakuti keratin limapatsa munthu chithunzi cha chakudya cha tsitsi, koma chimene chimawongola ndi formaldehyde, mankhwala omwe aja amene akasungunulidwa m'madzi amatchedwa formalin ndipo amagwiritsidwa ntchito poumitsa matupi a anthu omwalira. Wokonza tsitsi amapaka madziwo, amaumitsa ndi chowumitsira chamagetsi, kenako amapana tsitsi pang'onopang'ono ndi chitsulo chotentha kufika madigiri 230. Kutenthako kumasandutsa formaldehyde kukhala mpweya, ndipo mpweyawo umatuluka pafupi penipeni ndi mphuno za anthu awiriwo kwa maola awiri kapena kuposa. Apa chitetezo cha khungu chilibe ntchito, popeza njira yake ndi ya mphuno ndi mapapo. Maso amatuluka misozi, pakhosi pamakanda, mutu umawawa, ndipo wodwala mphumu akhoza kubanika. Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yoona za khansa, linaika formaldehyde m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu mu 2004, chifukwa cha khansa ya kuseri kwa mphuno, ndipo mu 2009 linawonjezerapo khansa ya m'magazi. Kafukufuku wa amayi amene amapuma mpweyawu kuntchito, m'malabu ndi m'mafakitale a matabwa, waonetsanso kuti kupita padera kumachulukirako pakati pawo.

Zolembedwa pabotolo sizodalirika kwenikweni. Mu 2011 bungwe la OSHA, loona za chitetezo cha antchito ku America, linachenjeza masaluni litapeza mpweya wa formaldehyde wopitirira malire, kuphatikizapo kumene ankagwiritsa ntchito mankhwala olembedwa kuti alibe formaldehyde. Mu 2014 ofufuza a ku Cape Town anayeza mitundu 7 ya mankhwala a keratin ogulitsidwa ku South Africa. Mitundu 6 inali ndi formaldehyde wochuluka pafupifupi kasanu kuposa malire ovomerezeka a 0.2 peresenti, ndipo 5 mwa imeneyo inali yolembedwa kuti ilibe. Nthawi zina dzinalo limabisika m'mayina ena: methylene glycol, methanal, methanediol, formalin. Mu 2023 bungwe la FDA la ku America linalengeza kuti likukonza lamulo loletsa formaldehyde m'mankhwala owongolera tsitsi, koma tsiku lotulutsa lamulolo linasunthidwa kangapo. Chizindikiro chimene wogula angadalire n'chosavuta: mankhwala alionse amene ayenera kupanidwa ndi chitsulo chotentha kuti agwire ntchito ayenera kukayikiridwa, ndipo maso akayamba kuwawa m'chipindamo, mpweyawo ulimo.

Mtundu wachitatu unabwera kudzalowa m'malo mwa formaldehyde, ndipo ambiri a mankhwala ake ali ndi glyoxylic acid. Vuto lake linatulukira kumene anthu sankayembekezera, ku impso. Mu 2023 madokotala a ku Israel anafalitsa nkhani za odwala 26 amene impso zawo zinafooka mwadzidzidzi atangowongola tsitsi, ndipo ochepa mwa iwo anafunika makina osefa magazi kwa kanthawi. Mu March 2024 magazini ya New England Journal of Medicine inafotokoza za mayi wa zaka 26 amene impso zake zinavutika katatu konse, ulendo uliwonse atangochoka kusaluni kumene anapakidwa kirimu wokhala ndi 10 peresenti ya glyoxylic acid. Asidiyu akalowa pakhungu, thupi limamusandutsa oxalate, amene amaundana kukhala timiyala ting'onoting'ono totseka timapaipi ta m'impso. Mu October chaka chomwecho bungwe la ANSES la ku France linalangiza anthu kuti asamagwiritse ntchito mankhwala amenewa. Kwa wapakati kuopsa kwake n'kwa pawiri. Impso zake zimakhala zikusefa kale magazi ochuluka ndi theka kuposa masiku onse, ndipo zizindikiro za vutoli, mseru, kusanza, kupweteka kwa msana ndi m'mimba, ndi zomwe zija aliyense angaziyese za pathupi n'kuzinyalanyaza. Zikayamba tsiku lomwe wawongola tsitsi kapena mawa lake, apite kuchipatala ndipo anene zimene anapakidwa.

Palinso nkhani ya zaka zambiri, yosakhudza pathupi pamodzi koma yokhudza chiberekero chomwecho. Mu 2012 Black Women's Health Study anapeza kuti zotupa za m'chiberekero zinkachulukirako pang'ono pakati pa amayi ogwiritsa ntchito rilaksa. Mu 2022 kafukufuku wina wa ku America, Sister Study, amene anatsata amayi oposa 33,000 kwa zaka pafupifupi 11, anawerengera kuti pofika zaka 70 khansa ya chiberekero ingagwire amayi 1.64 pa 100 alionse osawongola tsitsi, koma 4.05 pa 100 alionse owongola koposa kanayi pachaka. Khansa imeneyi ndi ya m'kati mwa chiberekero, yosiyana ndi ya khomo la chiberekero yomwe yafala ku Malawi, imene imayamba ndi kachilombo ka HPV. Kafukufuku wotere amaonetsa kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi, satsimikiza kuti china chimayambitsa chinzake. Komabe ndi chifukwa chabwino chotalikitsira nthawi ya pakati pa ritachi ndi ritachi, wapakati ndi wosayembekezera yemwe.

Mayi amene wasankha kupitiriza ndi rilaksa wamba miyezi 3 itadutsa ali ndi chinthu chimodzi chachikulu choti asamale, kuti khungu lisapse. Asapake m'mutu muli zilonda, zipere kapena mokandika, ndipo asapake tsiku lomwe wamasula meshi kapena zoluka, pamene khungu limakhala lakokeka ndi kuyabwa. Vaseline wopakidwa m'mizere ya m'mutu, m'mphepete mwa chipumi ndi m'makutu amathandiza kutchinga. Kirimu apakidwe pa tsitsi lomera kumene lokha, asapitirire mphindi zimene zalembedwa, ndipo kutentha kukangoyamba atsukidwe nthawi yomweyo ndi madzi ambiri komanso shampu yothetsa mphamvu ya soda. Khungu la wapakati limatha kusintha, moti mankhwala amene ankamuyanja akhoza kumuwotcha. Mankhwala otapidwa m'chidebe chachikulu n'kugulitsidwa m'timabotolo topanda dzina kapena tsiku lotha ntchito ndi oyenera kuwakana. Amene wasiyiratu kwa miyeziyi akhoza kuluka, kupota ndi ulusi, kuvala wigi kapena kumeta, pokhapokha zolukazo zisamakoke. Akatswiri a ku Cape Town anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi pa atatu alionse amene anawaunika ku Langa, dera lina la mumzindawo, anali atathothoka tsitsi la m'mphepete chifukwa chokokedwa, ndipo vutoli linali lalikulu koposa pamene zoluka zinamangidwa pa tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala.

Munthu amene nkhani imeneyi imamukhudza kwambiri satchulidwa kawirikawiri, ndiye wokonza tsitsi amene ali woyembekezera. Kasitomala amapakidwa kamodzi pa miyezi iwiri, pamene iye amapaka anthu angapo pa tsiku, masiku 6 pa mlungu, nthawi zambiri m'kachipinda kamodzi ka zenera limodzi kapena m'kontena, ali chiimire kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Manja ake amakhala m'madzi ndi m'mankhwala mpaka kung'ambika, ndipo khungu long'ambika ndi limene limalowetsa zambiri. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana akaphatikizidwa amaonetsa kuti ana ochepa sikelo amachulukirako pang'ono pakati pa amayi a ntchitoyi, ngakhale n'kovuta kulekanitsa mbali ya mankhwala ndi ya kuima nthawi yaitali. Mu 2008 akatswiri a ku Canada olangiza za mankhwala ndi pathupi ananena kuti wokonza tsitsi woyembekezera akhoza kupitiriza ntchito ngati akuvala magolovesi, m'chipinda mukupita mphepo, sakuima nthawi yaitali, ndipo sakupitirira maola 35 pa mlungu. Kwa mtsikana wolipidwa malinga ndi mitu imene wakonza, maola amenewo ndi ovuta kuwakwanitsa, ndipo udindo waukulu uli pa mwini saluni. Kugula magolovesi, kuika mpando wamtali woti azikhalapo poluka, kutsegula chitseko ndi zenera, ndi kumupatsa ntchito yoluka n'kusiyira anzake yopaka mankhwala, zonsezi sizidya ndalama zambiri. Kansalu kovala pamphuno sikatchinga mpweya wa formaldehyde, choncho pamene wina akupanidwa keratin, wapakati asakhale m'chipindamo n'komwe.

Tsitsi lenilenilo limasintha ndi pathupi. Masiku onse munthu amataya tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku, koma homoni ya estrogen ikachuluka, tsitsi limene likanathothoka limakhalabe m'mutu, n'chifukwa chake la wapakati limaoneka lodzaza. Akachira homoniyo imatsika, ndipo pakatha miyezi 2 mpaka 4 tsitsi lonse lija limayamba kugwa nthawi imodzi, makamaka m'mbali mwa chipumi. Si matenda, ndipo kwa ambiri limabwerera mwana asanakwanitse chaka. Kupaka rilaksa pa nthawi imeneyi kumawonjezera kuduka pamwamba pa kuthothoka, choncho n'kwanzeru kudikira kuti kugwako kuchepe. Khanda lisatengedwe kumsana kulowa m'saluni mmene mukutuluka mpweya wa mankhwala, chifukwa limapuma mofulumira kuposa munthu wamkulu ndipo njira zake za mpweya n'zazing'ono. Kirimu wotsala pakhomo asungidwe patali ndi ana oyamba kukwawa, amene amakopeka ndi kuyera ndi kununkhira kwake. Mwana akanyambita, milomo ndi m'kamwa zimapsa. Mayi asamusanzitse, pakuti soda angawotchenso kummero pobwerera. Amupukute ndi kumutsuka pakamwa ndi madzi, kenako athamangire naye kuchipatala atatenga chidebe cha mankhwalawo.